Khoma la kalasi lang'ambika pangodya: tipake penti kapena tilimbitse?

Funso: Ndine mayi, msungichuma wa komiti ya makolo pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Angónia, kufupi ndi malire a Dedza. Buloko yathu ya makalasi atatu tinamanga tokha makolo. Njerwa ndi zootcha, zomangira dothi, pamwamba malata. Pangodya ina pali mng'alu wochokera kudenga mpaka kutsikira pa zenera. Chaka chino tasonkha kandalama titagulitsa mbatata. Ambiri akufuna tipake pulasitala ndi penti kuti sukulu ioneke bwino, koma aphunzitsi ena akuti buloko imeneyi ingagwere ana kutachita chivomerezi. Ena akungoseka, akuti kuno zivomerezi kulibe. Tichite chiyani?

Yankho: Mayi, penti ayambe wadikira. Aphunzitsiwo anena zoona, ndipo kandalama ka mbatatako, kaya kachepe bwanji, kali ndi ntchito yoposa kukongoletsa khoma.

Ndiyambe ndi anzanu akusekawo. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu chimene chinabadwa chifukwa nthaka ya kum'mawa kwa Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita ochepa chabe pa chaka. Chigwachi chimachokera kumpoto, kudutsa m'nyanjamo, kutsata mtsinje wa Shire mpaka kukafika ku Sofala ndi Manica. Angónia ndi Tsangano ali pamtunda, m'mphepete mwenimweni mwa chigwacho. Aliyense amene anatsikapo kuchoka ku Dedza kulowera ku Golomoti amachidziwa chitsetse chija. M'munsi mwake mumadutsa mng'alu wa pansi pa nthaka wotchedwa Bilila-Mtakataka, wotalika pafupifupi makilomita 110, ndipo akatswiri a za nthaka amati ungathe kubala chivomerezi champhamvu yoposa 7 pa muyeso wa zivomerezi. Pa 10 Malichi 1989 chivomerezi champhamvu yopitirira pang'ono 6 chinagwedeza Salima, chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pogona. Akuluakulu a kwanuko amene analipo nthawi imeneyo muwafunse ngati anamva kanthu. Usiku wolowera pa 23 Febuluwale 2006 kunachitika china ku Machaze m'chigawo cha Manica, champhamvu 7.0, chimene chinamveka mpaka ku Maputo ndi ku Harare. Anafa ndi anthu anayi okha, makamaka chifukwa deralo ndi la anthu apataliapatali ndipo nyumba zambiri zinali zopepuka. Mu Disembala 2009 zinatsatizana ku Karonga, nyumba masauzande zinawonongeka. Malire a Calómuè, a pakati pa Angónia ndi Dedza, chivomerezi sichiwadziwa.

Sindikunena kuti chachikulu chili pakhomo. Kuno kwathu zazikulu zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo mphepo ndi mvula ndi zimene zimatisautsa chaka ndi chaka, monga namondwe Ana wa mu Januwale 2022 amene anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete. Koma ntchito imene nditi ndikuuzeniyi ndi imodzimodzi imene imaletsa mphepo kusasula denga. Mulipira kamodzi, mupindula pawiri. Imeneyo ndiyo mfundo yokanena pa msonkhano kwa amene sakhulupirira za chivomerezi.

Kalasi ndi chipinda chofooka kuposa nyumba yogona, ngakhale zomangira zikhale zofanana. Nyumba ya pakhomo ili ndi tizipinda ting'onoting'ono, ndipo khoma lililonse la m'kati limagwira linzake. Kalasi ndi chibwalo cha mamita 7 kapena 8 mbali iliyonse, chopanda khoma pakati, chokhala ndi mazenera akuluakulu uku ndi uku, khomo limodzi, m'katimo ana makumi angapo. Ku Sichuan m'dziko la China, chivomerezi cha pa 12 Meyi 2008 chinafika masana ana ali m'kalasi, ndipo boma la China lomwe linavomereza kuti ana a sukulu oposa 5,000 anafa kapena kusowa. Ku Nepal cha pa 25 Epulo 2015 chinagwetsa makalasi masauzande ambiri, koma linali Loweruka, sukulu zotseka. Za ku Nepal ndazitchula pa chifukwa china: sukulu za njerwa za m'chigwa cha Kathmandu zimene zinali zitalimbitsidwa kale ndi malamba a waya ndi simenti zambiri zinaima, mpaka anthu kumathawiramo. Sizinali nyumba zodabwitsa ayi, zinali za njerwa ngati zathuzi.

Chimene chimagwetsa nyumba ya njerwa ndi chakuti khoma limadziwa kusenza katundu woliponda kuchokera pamwamba, koma silidziwa kukankhidwa cham'mbali. Chivomerezi chimakoka maziko uku ndi uko. Makoma amene ali motsatira kumene nthaka ikugwedezekera amalimba ndithu. Amene ali mopingasa amayamba kupepeluka, ndipo ngati palibe chowagwira pamwamba amalekana ndi anzawo pangodya n'kugwa chagada kapena chafufumimba, denga n'kutsatira. Lichero lopanda mkombero mumalidziwa: nsungwi zonse zilipo, zolukidwa bwino, koma mukangopeta kawiri layamba kumasuka m'mphepete. Buloko yanu ndi lichero lotero. Ntchito yonse yolimbitsa ndi kuiikira mkombero, kuti makoma anayi ndi denga zigwirane n'kumagwedezeka ngati chinthu chimodzi. Cholinga sikuti nyumba isang'ambike, chifukwa idzang'ambika ndithu. Cholinga n'chakuti isagwe ana asanatuluke.

Tsono za mng'alu wanuwo. Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, dziwani ngati ukuyendabe kapena unaima. Matani kachigamba kopyapyala ka simenti mopingasa mng'aluwo malo awiri kapena atatu, mulembe tsiku pambali pake. Kakasweka pakapita masabata angapo, makamaka nthawi ya mvula, ndiye kuti maziko akutitimira ndipo vuto lili pansi. Kawirikawiri wolakwa amakhala madzi a padenga amene amagwera m'tsinde mwa khoma n'kudikha pomwepo, kapena chiswe, kapena mizu ya bulugamu wobzalidwa pafupi. Tengani chingwe, mumangirire mwala, muchilendewetse kuchokera pamwamba pa khoma kuti muone ngati lapendekeka. Ngati chala chikulowa mumng'alumo, kapena mukuona kuwala kwa kunja muli m'kati, kapena khoma lachoka pa chingwe moonekeratu, ana atuluke m'kalasi imeneyo lero lomwe, akaphunzirire pansi pa mtengo kapena asinthane ndi anzawo masana. Zimenezi sizidikira chivomerezi, mvula yamphamvu yokha ikwanira. Ndipo apa ndi pamene pulasitala amandiopsa: amabisa mng'alu, makolo mitima n'kukhala pansi, pamene khoma likadali lolekana m'kati.

Yezaninso kunenepa kwa khoma. Ngati ndi la njerwa ziwiri zogundana, pafupifupi masentimita 23, lingalimbitsidwe ngakhale linamangidwa ndi dothi. Ngati ndi la njerwa imodzi yogoneka m'litali, masentimita 11 kapena 12, lomangira dothi, lalitali ngati la kalasi, ine sindingakulangizeni kuthirapo ndalama zambiri. Chitani zotchipa zimene nditchule poyambazi kuti muchepetse ngozi, koma maganizo anu akhale pa kumanga ina.

Chotchipa choyamba ndi madzi. Kumbani ngalande, undani dothi m'tsinde mwa khoma kuti madzi azithawa nyumba, ndipo ngati mungathe ikani kakhonde ka simenti kuzungulira buloko yonse. Zimenezi makolo angachite Loweruka limodzi.

Chachiwiri, chimene ndimachiika patsogolo pa zonse zogula, ndi gebulo, khoma la nsonga lija la kumapeto kwa buloko. Ndi lalitali kuposa makoma onse, laima lokha pamwamba popanda choligwira, ndipo ndi pamwamba pomwepo pamene nyumba imagwedezeka kwambiri. Ku Karonga magebulo ndi ngodya ndi zina mwa zimene zinagwa kwambiri. Njerwa za gebulo zikagwera m'kati zimagwera ana a kutsogolo ndi aphunzitsi pa bolodi. Mankhwala ake ndi osavuta: phwasulani njerwa za nsongazo mpaka pofanana ndi makoma a m'mbali, muikepo thilasi, chimango cha matabwa chosenza denga, mukhomerepo malata kapena matabwa. Njerwa mwachotsazo zili ndi ntchito ina, musazitaye. Makoma olekanitsa makalasi nawonso amakhala ndi nsonga zotere, ndipo amaiwalika chifukwa ali m'kati. Ena adzadandaula kuti malata pa gebulo saoneka bwino, kapena kuti phokoso la kalasi ina lizimveka ku inzake. Phokosolo lingachepetsedwe ndi matabwa mbali zonse ziwiri. Koma lata likagwera mwana amachira, njerwa zochokera mamita anayi ayi.

Kenako lamba wa pamwamba, amene amisiri ena amati ling'ibimu, ena viga. Pano pamakhala chisokonezo. Mmisiri adzakuonetsani linta imene ili pamwamba pa zenera kapena khomo n'kunena kuti lamba alipo kale. Linta yodukaduka, iliyonse pa zenera lake, si lamba. Lamba ndi wosaduka, amazungulira nyumba yonse, kudutsa pangodya zonse, n'kulowanso pa makoma olekanitsa makalasi. Njira zomuikira pa nyumba yakale zilipo ziwiri. Ngati denga latha kale, mapaso adyedwa ndi chiswe ndipo mukufuna kulisasula, ndiye mwayi wake ndi umenewo: thirani konkire pamwamba pa makoma onse, mulifupi mofanana ndi khoma, kuzama kwake masentimita 15, m'kati zitsulo zinayi za mamilimita 10, zomangidwa ndi maling'i (tizitsulo tozizinga) a mamilimita 6 pa masentimita 20 alionse. Malo amene amisiri ambiri amalakwitsa ndi pangodya. Amadula zitsulo zonse pomwepo n'kungozigundanitsa, ndiye kuti lamba waduka pa malo enieni amene amafunika. Chitsulo chipindike, chikhote ngodya, chikalumikizane ndi chinzake kutali ndi ngodya, zitapitirirana masentimita 50 kapena 60. Mapeto a maling'i apindikire m'kati ngati mbedza, asangokhota pang'ono, chifukwa otero amatseguka nyumba ikagwedezeka. Kasakanizidwe kake: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, zinayi za miyala ya kwale, ndowa yake imodzimodziyo, osati mafosholo ongoyerekeza. Zitsulo zisakhudze matabwa a chikombole, pakhale mpata wa masentimita awiri ndi theka kuti zisadzachite dzimbiri. Mukathira, muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Kuthirira n'kwaulere, koma ndi kumene kumalekedwa tsiku lachiwiri, ndipo konkire wouma msanga amafumbutuka.

Ngati denga likadali labwino, simufunika kulisasula. Lamba angavekedwe kunja ndi m'kati mwa khoma, pamwamba pa mazenera. Mmisiri amakokota dothi la m'mizere ya njerwa pang'ono, amayala waya wowotcherera wa maso a ngodya zinayi, mulifupi pafupifupi masentimita 40, kuzungulira nyumba yonse mbali zonse ziwiri za khoma, amabowola khoma apo ndi apo n'kulowetsa tizitsulo tomanga waya wa kunja ndi wa m'kati pamodzi, kenako amamata ndi simenti wamphamvu, ndowa imodzi pa zitatu za mchenga. Waya wa khola la nkhuku payekha sakwanira pa ntchito imeneyi, ndi wofewa. Malamba omwewa amatsitsidwanso choimirira pangodya zonse ndi m'mbali mwa makomo, kuchokera pa lamba wa pamwamba mpaka m'maziko. Pangodya yanu yong'ambikayo, yambani mwaphwasula njerwa zomasuka, mumangenso ndi simenti molukana ndi makoma onse awiri, kenako waya akute ngodyayo mbali zonse. Makolo ofuna pulasitala aja apa apeza gawo lawo, chifukwa pamene padutsa lamba pamakhala posalala.

Vuto limodzi la kuno kwathu ndi kalendala. Tchuthi chachikulu chimagwera Disembala ndi Januwale, m'kati mwa dzinja, nthawi yosayenera kusasula denga. Ntchito ya lamba imafuna chilimwe, ndiye mugwirizane ndi a dayilekita, akulu a sukulu, kuti muzichita kalasi imodzi imodzi, ana akusinthana zipinda.

Denga nalo limangiriridwe pa lambayo. Mathilasi ongokhazikidwa pa njerwa, kapena ogwidwa ndi kawaya kokulungidwa pa njerwa ziwiri zapamwamba, amatsetsereka. Pothira konkire mizanimo zitsulo zopyapyala kapena waya wokhuthala wopindidwa kawiri, wokoledwa ku zitsulo za lamba, woti adzakulunge thilasi iliyonse. Pakati pa mathilasi khomani matabwa opingasa kuti asagwe motsatizana. Ndipo miyala ndi njerwa zimene anthu amasanjika pamalata poopa mphepo zitsike. Denga lolemera limakoka makoma kwambiri pa chivomerezi, ndipo miyalayo imagwera pomwe ana akuthawira.

Njerwa munachotsa ku gebulo zija mangirani zipilala zochirikiza makoma aatali, kunja, pakati pa mazenera, mamita atatu kapena anayi alionse. Koma chipilala chongomata pa khoma n'chokongoletsa chabe. Chikhale ndi maziko akeake, chilukane ndi khoma pochotsa njerwa zina n'kulowetsamo zatsopano, ndipo chifike ku lamba.

Pali malo ena amene anthu saganizako, ndiwo khonde. Mabuloko ambiri ali ndi mizati ya njerwa yoonda imene yasenza denga la khonde, yopanda chitsulo m'kati. Imeneyi imathyoka msanga, ndipo ili pa njira yeniyeni yotulukira. Mizati ya paipi yachitsulo kapena ya mitengo yolimba, yomangidwa bwino pansi ndi pamwamba, ndi yabwino kuposa pamenepo. Chitseko chizitsegukira kunja. Ana makumi asanu akakhamukira pa chitseko chotsegukira m'kati, sichitseguka. Kutembenuza mahinjesi ndi ntchito ya kalipentala ya tsiku limodzi. Kabati ya mabuku ikhomeredwe kukhoma, ndipo isakhale pafupi ndi khomo.

Ndalama zikapanda kukwanira zonse, musazimwaze pang'onopang'ono paliponse. Madzi, magebulo, chitseko ndi ngodya yong'ambikayo chaka chino. Lamba ndi kumanga denga chaka chamawa, mbatata ikadzagulitsidwanso. Lamba wa theka la nyumba alibe phindu, bola kudikira mpaka ndalama za buloko yonse zitakwana.

Mukadzamanga buloko yatsopano, njira imene ndimaikhulupirira pa makalasi apansi ndi yomanga khoma poyamba, kusiya mano a njerwa m'mapeto mwake, kenako n'kuthira mizati ya konkire pangodya ndi polumikizana makoma, kuti konkire alume njerwazo. Mizati ilumikizane ndi lamba wa pansi ndi wa pamwamba. Zenera likhale masentimita 60 kapena kuposa kuchokera pangodya, ndipo mazenera ndi khomo pamodzi zisapitirire theka la khoma m'litali mwake. Njerwa zinyowetsedwe musanamangire, chifukwa youma imamwa madzi a simenti n'kusiya mchenga wokhawokha. Njerwa za kunja kwa uvuni, zosapsa bwino, zimene zimasweka mukaziponya pansi kuchokera pa chifuwa, zisalowe m'khoma la kalasi ngakhale zikhale zoperekedwa ndi mtima wabwino.

Zonsezi musazichite nokha mwakachetechete. Sukulu ndi ya boma ngakhale munamanga ndinu. Kudzera mwa a dayilekita ndi Conselho de Escola, khonsolo ya sukulu, lemberani kalata ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, SDEJT, ndi ku ofesi ya zomangamanga, SDPI, ku Ulónguè, kupempha kuti katswiri abwere adzaone buloko ndi maso. Ine ndayankha kuchokera pa kalata, sindinaone maziko anu kapena nthaka yanu, ndipo miyeso ndatchulayi ndi ya buloko wamba yapansi, iyeyo angaisinthe akaona. Unduna wa maphunziro unagwira ntchito ndi UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, pa ndondomeko ya Escolas Seguras (sukulu zotetezeka) yokhudza kamangidwe ka sukulu zopirira mphepo, madzi osefukira ndi zivomerezi, choncho simukupempha chinthu chachilendo. Sungani kope la kalatayo, ndi zithunzi za mng'alu zojambula pa foni.

Ndipo inu ngati msungichuma muli ndi ntchito imene injiniya aliyense sangakuchitireni. Sukulu zambiri zofooka sizinafooke pa pepala, zinafooka tsiku lothira konkire, pamene matumba khumi anasanduka asanu ndi awiri, zitsulo zinayi n'kusanduka ziwiri. Konkire akauma palibe angaone za m'kati. Choncho pasathiridwe kanthu makolo awiri kapena atatu asanawerenge zitsulo, kuona ngodya ndi kujambula. Matumba atsegulidwe pamaso panu, opanda kanthu abwezedwe kwa inu. Mmisiri wabwino sakwiya nazo zimenezi. Amene wakwiya, mwadziwa kale.

Ana nawo aphunzitsidwe chochita, ndipo ayeseze kamodzi pa temu. Nthaka ikayamba kugwedezeka alowe pansi pa madesiki, agwire miyendo yake. Kumene kulibe madesiki agwade, aphimbe mutu ndi khosi ndi manja kapena chikwama, atalikire mazenera ndi khoma la gebulo. Kugwedezeka kukaleka atuluke mwa mzere, osakankhana, akasonkhane pabwalo la mpira kutali ndi makoma, mitengo ikuluikulu ndi mawaya a magetsi, aphunzitsi awerenge maina. Asabwerere m'kalasi kukatenga makope, ndipo maphunziro asayambirenso m'menemo mpaka katswiri ataona makoma. Ku Karonga chivomerezi choyamba chachikulu chinafika pa 6 Disembala, koma champhamvu kuposa zonse chinadza pa 19, patapita pafupifupi masabata awiri, n'kupeza makoma atang'ambika kale.